Kodi mawu oti warden tiziwamasulira bwanji m'Chichewa?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimamasulira nkhani zakunja pa wailesi ina ya m'dera lathu, ndipo sabata ino mawu oti warden andizunguza mutu.

Nkhani yake inali ya ku America, komwe warden ndi mkulu wa ndende yonse. Ine ndinalemba kuti "msilikali wa ndende", mnzanga n'kundidzudzula kuti munthuyo ndamutsitsa udindo, poti wolondera akaidi wamba ndi warder. Ku Britain mkulu wa ndende amamutcha governor, pomwe traffic warden ndi uja amalemba chindapusa galimoto ikaimikidwa pamalo oletsedwa. Mumpingo wa Anglican muli churchwarden, mkhristu wosadzozedwa amene amasankhidwa kuti azisamala tchalitchi ndi katundu wake. Kumalo osungirako nyama zakutchire kulinso game warden. Chimene chandidabwitsa kwambiri n'chakuti mkulu wa New College ku Oxford nayenso ndi Warden, ndipo wasayansi Isaac Newton anapatsidwa udindo wa Warden of the Mint, kumalo opangira ndalama za boma la England, mu 1696, n'kumasaka anthu opanga ndalama zachinyengo.

Mawu oti "woyang'anira" akulowa paliponse, koma womvera sangadziwe ngati munthuyo ndi bwana kapena wapansi. "Mlonda" akumuchepetsa. "Kapitawo" amandikumbutsa za kuminda ya tiyi ku Thyolo, ndipo sindikuona kuti angamveke bwino m'tchalitchi.

Inu amene munagwirapo ntchito kundende, komanso inu a mpingo wa Anglican, anthu amenewa mumawatchula bwanji mukamayankhula Chichewa? Nkhani ya ndendeyi ndiyenera kuiwerenganso Lachisanu, ndipo sindikufuna kusokoneza omvera kachiwiri.