Kodi kachubu ka m'mutu sikangalowetse matenda?

Abale anga a kuno ku Johannesburg, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga anagundidwa ndi galimoto ku Rosettenville Loweruka lapitali, ali ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Madokotala anawaboola chigaza n'kulowetsa kachubu koyezera kutupa kwa ubongo komanso kutulutsa madzi. Akuti nambala ya pamakina oyezera ikapitirira 20 ndiye kuti zavuta, moti ndikalowa maso anga amangokhala pamakinawo.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti anesi anati kachubuka kakakhalitsa, tizilombo tingalowere pabalapo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Lero ndi tsiku lachisanu kachubuka kali m'mutu, ndipo dzulo nditawagwira dzanja thupi linali moto. Atenga madziwo kukayeza.

Alipo amene m'bale wake anaikidwapo kachubu kotereka? Kanakhala masiku angati? Mawa ndikawafunse chiyani madokotala? Amayi ku Mangochi akungoimba foni, ndikusowa chowauza.