Penshoni ya kuntchito: ndiwonjezere kapena ndiziponya ku banki mkhonde?

Wa_ku_Chilomoni:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndinayamba ntchito chaka chatha, pa payslip amandidula 5% ya penshoni, kampani akuti imaikapo 10% yake. A HR akuti ndikafuna nditha kumawonjezera pamwamba koma mtima ukukana, kwacha yake yomweyi inagwa ndi 44% mu November 2023, pomadzapuma ntchito ndalamayo idzagula chani? Si bola ndiziponya ku banki mkhonde komwe December timagawana?

NaBanda_Area25:
Achimwene inenso ndili ku banki mkhonde, musandiuze. December mwagawana, January yonse yathera fizi ndi feteleza basi. Ya penshoni ubwino wake amadula musanaigwire, simumva kuwawa, ndipo siingokhala phee, amaiika m'mabizinesi n'kumakuikirani bonasi, ngakhale zaka zina bonasiyo imachepa poyerekeza ndi kukwera kwa zinthu, pamenepo sindikunamizani. Ine ndimapanga chonchi, akatikweza salary ndimapita kwa HR mwezi womwewo kuti awonjezere kangachepe, thumba lisanazolowere.

MkuluWaZomba:
Musanawonjezere kalikonse mphwanga, kafunseni kaye sitetimenti. Kudula pa payslip ndi nkhani ina, ndalama kufika ku Old Mutual kapena NICO kapena kulikonse komwe kampani yanu imasunga ndi nkhani inanso. Komwe ndinkagwira kale ankatidula mwezi ndi mwezi koma osatumiza, tinadzadziwira tsiku lomwe mnzathu wina anapita kukatenga zake n'kupeza miyezi yambirimbiri palibe kanthu. Muziona mwezi uliwonse ngati 15% yonse ikuoneka, ikapanda kuoneka kadandauleni ku Reserve Bank, ndi amene amayang'anira zimenezi. Komanso fomu ya odzalandira mukamwalira ija munalemba ndani? Ambiri analemba amayi awo ali mbeta, pano ana atatu fomu sanasinthe.

Chiphwanya265:
Ine zanga n'zosiyana, pangani zonse ziwiri. Penshoni simungaitenge mwana akadwala usiku. Lamulo la 2023 linafewetsako, ntchito ikatha mumadikira miyezi itatu osati sikisi ngati kale, koma mukadali pantchito muli achinyamata chonchi iwalani. Chomwe ndingakuletseni n'choti mukasintha ntchito musathamangire kukaitapa, isamutseni ipitirire.

Wa_ku_Chilomoni:
Zikomo nonse. Akulu a ku Zomba, sitetimentiyo ndikafunse kwa HR kapena ndipite ndekha ku ofesi ya a penshoniwo? Paja HR wathu ndi mlamu wake wa bwana.