Zilombo ziwiri zolondera manda a Tang: nkhope zimasiyaniranji?

Moni nonse m'gulu muno. Ndikulemba ntchito ya kusukulu yokhudza ziboliboli zadothi za sancai (kutanthauza "mitundu itatu", ya utoto wonyezimira wopakidwapo), zomwe ankaika m'manda a anthu olemekezeka ku China mu ufumu wa Tang, kuyambira 618 mpaka 907. Za mitundu ndamva: wobiriwira umachokera ku kopa, wachikasu ku chitsulo. Ziboliboli za ngamira ndi akavalo n'zosavuta, zikuonetsa chuma cha malemuwo.

Pandivuta ndi pa zhenmushou, zilombo ziwiri zolondera manda, monga zija za ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ku London, zomwe amati zinachokera m'manda a Liu Tingxun, mkulu wa asilikali yemwe anamwalira mu 728. China chili ndi nkhope ya munthu, chinzake ya chilombo. Ndafufuza pa intaneti, ndafunsanso aphunzitsi, koma yankho n'lomwelo: zimapirikitsa mizimu yoipa. Nanga nkhopezo zimasiyaniranji? Alipo amene anawerengapo za zimenezi andithandizeko?