Odziwa Chiurdu ndithandizeni, lalach ndi hirs zikusiyana pati?

Abale ndithandizeni pang'ono. Ndimagwira mu shopu ya m'Pakistani ku Joni kuno, ndiye dzulo bwana amakalipira mphwawo pa foni nkhani ya lendi, mawu oti lalach ndinawamva kangapo konse, kenako hirs, mpaka tiyi anawazizilira pa kauntala. Nditafunsa mnzanga wa pa tilu akuti onsewo pa Chingerezi ndi greed basi, dyera la chuma. Koma ine sizikundimvekera bwino, poti kwathu dyera ndi lina, umbombo ndi wina, wosusuka pa nyama sitimufanizira ndi womana. Nanga avarice, mawu ena a Chingerezi onena za dyera la chuma, ikugwera mbali iti, ndi ya ndalama zokha? Munthu wokundika chuma osadyako, ana akugona ndi njala, pa Chiurdu amati chani? Kufunsa bwanawo ndikuopa angaone ngati ndikuwanena.