Thandizeni, magiya akudumphana mu Algodoo

Akuluakulu muli bwanji, ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Mangochi ndipo pali pomwe zandivuta. Ndikupanga kapampu mu Algodoo, pulogalamu ya pakompyuta yoyeserera mmene zinthu zimayendera, kuti ana aone mmene gudumu likamazungulira limakankhira ndi kukoka pisitoni, maganizowa ndinawatenga pa mapampu opondaponda aja alimi amakokera madzi mu Shire kuthirira kudimba.

Ndaika magiya awiri, lalikulu mano 24 laling'ono mano 8, mota ili pa laling'onolo. Popanda madzi zikuyenda bwinobwino, laling'ono likazungulira katatu lalikulu kamodzi. Koma ndikangothira madzi mu silinda basi mano ayamba kudumphana, hinji yomwe giya limazungulirapo ikutamuka ngati labala komanso madzi ena akudutsa m'mbali mwa pisitoni chonsecho mpata sukuoneka ndi maso. Ndinakweza frequency (maulendo amene pulogalamuyi imawerengera kayendedwe ka zinthu pa sekondi) kuchoka pa 60 kufika 200, kudontha kwachepako koma laputopu yanga ndi yakale ndiye zonse zikungoyenda pang'onopang'ono.

Kodi ndichepetse torque (mphamvu yozunguzira) ya mota kapena magiyawo ndiwawonjezere kulemera? Nanga mavavu mumawapanga bwanji kuti azitseka okha madzi asabwerere? Ana a Fomu 3 ndawalonjeza Lolemba, chonde amene munayesapo ndithandizeni.