Kodi ndigule subwoofer yaikulu yogwiritsidwa kale ntchito kapena yaing'ono yatsopano?

aPhiri, Chilomoni: Abale anga, ndikupempha nzeru zanu ndisanatulutse ndalama. Ndili ndi Toyota Vitz yochokera ku Japan, ndipo masipika ake a m'zitseko satulutsa besi yomveka. Mnzanga wina akugulitsa subwoofer (sipika yotulutsa besi yokha) ya Pioneer ya mainchesi 12 imene waigwiritsapo kale ntchito, yolembedwa mawati 1400, koma ilibe ampulifaya (chipangizo chokuza mphamvu ya mawu opita ku sipika) ndiponso ilibe bokosi. Mtengo wake ukufanana ndi wa subwoofer yatsopano ya mainchesi 8 yoika pansi pa mpando, imene imabwera ndi ampulifaya yake m'kati. Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, zipangizo zoterezi zinakwera mtengo kwambiri, kotero sindikufuna kugula kawiri.

aBanda, Area 25: Achimwene, musakopeke ndi nambala ya 1400 imeneyo, chifukwa ikunena za mphamvu imene sipika ingapirire kwa kamphindi kochepa chabe. Nambala yofunika ndi ya RMS, imene imasonyeza mphamvu imene sipika ingalandire nthawi yaitali osapsa, ndipo pa sipika yotere imakhala pafupifupi mawati 400. Komabe ine ndikuti tengani yaikuluyo. Besi imachokera ku kuchuluka kwa mpweya umene sipika ikukankha, ndipo ya mainchesi 8 yokhala m'kabokosi kopyapyala singafike pansi pamene ya mainchesi 12 imafika.

Mayi Nambewe, Zomba: Bambo Banda, zimene mwanena za kamvekedwe ndi zoona, koma mwasiya mbali ya ndalama, imene ndiyo yavuta aPhiri. Sipika yopanda ampulifaya ndi bokosi sinakhale subwoofer yoti n'kuimvera. Adzafunika ampulifaya yotulutsa mawati a RMS oyandikira 400, mawaya okhuthala ochokera ku batire, fyuzi, thabwa la MDF la mamilimita 18 lopangira bokosi, malipiro a kalipentala ndi a munthu wolumikiza. Kuwonjezera apo, mawailesi ambiri obwera ndi magalimoto a ku Japan alibe potulukira mawaya a RCA, amene amapititsa mawu ku ampulifaya, choncho pamafunikanso kachipangizo kotengera mawu ku mawaya a masipika, kapena kusintha wailesi yonse. Mukaphatikiza zonsezi mudzapeza kuti sipikayo ndi gawo laling'ono la ndalama zimene zidzatuluke. Ndiponso buti ya Vitz ndi yaing'ono, moti bokosi lotseka la malita pafupifupi 30 lidzatenga malo amene mumaikamo thumba la ufa ndi katundu wa ana.

aBanda, Area 25: Mayi, sindikukana, koma munthu angathe kugula pang'onopang'ono. Lero atenge sipika, mwezi wamawa apangitse bokosi, kenako afunefune ampulifaya yotsika mtengo.

aMwale, Mzuzu: Ine ndimagwira ntchito ya magetsi a galimoto, ndipo pa mawu akuti ampulifaya yotsika mtengo m'pamene anthu ambiri amaonongera ndalama zawo. Mumsika muli maampulifaya olembedwa mawati 3000 koma fyuzi yake ndi ya maampu 30. Galimoto ikamalira imapereka mavoti pafupifupi 14, ndipo mukachulukitsa 14 ndi 30 mupeza mawati 420, kutanthauza kuti chipangizocho sichingatulutse mphamvu yoposa pamenepo, ndipo ina mwa mphamvuyo imathera m'kutentha. Mwiniwake akaona kuti besi yachepa amakweza gain (kabatani ka pa ampulifaya kokwezera mawu olowa) mpaka kumapeto, mawu amayamba kusweka, ndipo koyilo (kawaya kokulunga ka m'kati mwa sipika) imatentha n'kupsa. Masipika ambiri amene amabwera kwa ine atafa anafa mwa njira imeneyi.

Nkhani ina imene imandidetsa nkhawa ndi ya mawaya. Otchipa ambiri ndi a aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha, ndipo amatentha msanga kuposa a kopa weniweni a kukula komweko. Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45, chifukwa waya ukakhudzana ndi chitsulo cha galimoto popanda fyuzi, galimoto ingathe kuyaka moto. Lamulo limeneli ndi lomwelo ngakhale mutasankha yaing'onoyo.

aPhiri, Chilomoni: Zikomo kwambiri nonse. Ine sindifuna phokoso lomveka kunja kwa galimoto, ndikungofuna kuti gitala ya besi ndi ng'oma zizimveka bwino ndikamamvera nyimbo za kwaya ndi za regge popita ku ntchito. Koma sipika ya mnzangayo ikundikopabe chifukwa ndi dzina lodziwika.

aMwale, Mzuzu: Ngati mtima wanu uli pamenepo, yambani mwaiyesa. Kankhani chapakati pake pang'onopang'ono ndi zala zotambasula, ndipo mukamva kukhulana dziwani kuti koyilo inaonongeka. Inunkhizeni ngati ikumveka fungo la kupsa, onani ngati mphira wa m'mphepete sunang'ambike, ndipo muiyeze ndi mita yoyezera magetsi: sipika ya ma ohm 4 imaonetsa nambala yochepera pang'ono pa 4. Kumbukiraninso kuti mayina odziwika ndi amene anthu opanga zachinyengo amakonda kumata pa katundu wawo. Komabe, malinga ndi zimene mwanena kuti mukufuna, ine ndikugwirizana ndi Mayi Nambewe. Ya pansi pa mpando imakoka magetsi ochepa, silemetsa batire, ndipo mukaichuna kuti izisewera mawu a besi okha, apansi pa mahetsi 80, idzadzaza mpata umene masipika a m'zitseko akusiya.

aBanda, Area 25: Ine ndikuonabe kuti pakatha chaka aPhiri adzalakalaka yaikulu, koma ndikuvomera kuti ndi ndalama zimene ali nazo lero sangaimalize bwino. Achimwene, musanalipire yezani kutalika kwa malo a pansi pa mpando wanu, ndipo wogulitsayo akulumikizireni kuti muimve kaye.

aPhiri, Chilomoni: Ndiyeza malowo madzulo ano, ndipo Loweruka ndipita ku Limbe kukaimvera ndi nyimbo zanga zomwe. AMwale, kodi waya wake ukhale wokhuthala bwanji kuchokera ku batire kufika pansi pa mpando?