Katapila waima pa saiti yathu ku Southwark, ofukula zakalewa amawalipira ndani?

WakuNtcheuSE1: Anzanga amene muli kuno ku London, ndithandizeni. Ndikugwira ntchito pa saiti ina pafupi ndi Borough High Street. Titangoswa konkire yapamwamba, foromani anati katapila aime kaye, kukubwera anthu ofukula zinthu zakale. Panopa ali chogwada m'matope, kukanda dothi ndi timipeni ndi maburashi, ndipo kalikonse kamene atola akukaika m'kathumba n'kulembapo nambala. Ife atisamutsira mbali ina. Ndalama zowalipira zikuchokera kuboma? Nanga anadziwa bwanji kuti pansipo pali kanthu, poti pamwamba pankangoimikidwa magalimoto?

MayiWaPeckham: Achimwene, akulipira ndi mwini wa ntchito yomangayo, ndipo ankadziwa kalekale. Khonsolo ya Southwark inajambula pa mapu madera amene pansi pake pangakhale zakale, amawatchula kuti Archaeological Priority Areas. Ukafuna chilolezo chomanga m'dera lotero, umayamba wapereka lipoti la zimene zingapezeke pansipo, nthawi zina amakuuzanso kuti ukumbe timaenje toyesera. Chilolezo chikatuluka chimabwera ndi lamulo lakuti ofukula ayambe ndiwo, maziko pambuyo. Southwark ili ndi katswiri wakewake wa zimenezi, pamene makhonsolo ambiri a mu London amadalira malangizo a Historic England, bungwe la boma losamalira malo ndi nyumba zakale.

Malo amene mukukumbawo si ongopeka ayi. Aroma atamanga mlatho pa mtsinje wa Thames, misewu iwiri ikuluikulu, Watling Street ndi Stane Street, inkakumana chakumeneko, ndipo m'mphepete mwake munali nyumba ndi manda. Mu 2022 akatswiri a MOLA, bungwe lofukula zakale mu London, anapeza pansi pa nyumba yachiroma pokongoletsedwa ndi timiyala tamitundumitundu, pafupi ndi London Bridge pomwepo. Pamalo aakulu choncho mu London anali asanapapezeko kwa zaka zoposa 50.

Lamuloli linabadwa pa mkangano. Mu 1989, pomanga maofesi ku Bankside, anavundukula maziko a Rose Theatre, nyumba ya zisudzo imene Philip Henslowe anamanga mu 1587. Chilolezo chomanga chinali chitaperekedwa kale, makina ali chire. Anthu a zisudzo monga Peggy Ashcroft ndi Ian McKellen anapita kukatsekereza, mpaka pulani inasinthidwa: nyumbayo inaima pa nsanamira, zotsalira za Rose n'kuphimbidwa ndi mchenga pansi pake. Boma litaona chisokonezocho linatulutsa malangizo otchedwa PPG16 mu November 1990, akuti nkhani ya zakale iziunikidwa chilolezo chisanaperekedwe. Chikalatacho chinalowedwa m'malo ndi zina, koma mfundoyo ikadalipo. Ine ndimaiona kuti ndi yanzeru, chifukwa kusuntha nsanamira papepala n'kotchipa kusiyana ndi kuimitsa saiti anthu atalembedwa kale ntchito.

MaloAkudula: Mayi, mwafotokoza bwino, koma tisanamizane. Womangayo ndalamazo sazitulutsa m'thumba mwake, amaziwonjezera pa mtengo wa nyumba. Mapeto ake ndi ife a lendi amene tikulipirira miphika yosweka ya Aroma.

MayiWaPeckham: Kuwonjezera amawonjezeradi, sindikana. Koma munthu wogula malo ku Borough mapu aja amawaona asanasaine, ndiye amawerengeratu ndalamazo pokambirana mtengo wa malowo. Komanso si chilichonse chimene chimasiyidwa pomwepo. Zambiri amazijambula, kuziyeza, kuzinyamula, kenako katapila n'kubwerera. Zimene zimachedwetsa kwenikweni ndi mafupa a anthu, chifukwa kuwachotsa kumafuna chilolezo china cha ku Ministry of Justice, unduna wa zachilungamo.

WakuNtcheuSE1: Zikomo mayi. Mafupa sanawapeze, ndamva kuti ndi zidutswa za miphika ndi zigoba za nkhono za m'nyanja zambirimbiri. Foromani akuti mbali ya kumsewu atibwezera Lolemba.